Dogwood wanga wofiira, patapita chaka ndi theka

Mtengo wamaluwa wa dogwood umene ndinabzala pakhomo pathu kuno ku North Carolina, ku America, tsopano wapirira chisanu ndi dzuwa lomwe, choncho ndikhoza kuunena bwinobwino. Ndinagula mtundu wa Cherokee Chief, umodzi mwa mitundu yofiira ya Cornus florida (dzina lasayansi la dogwood ameneyu). Ndimaukonda kwambiri, koma si mtengo wongobzala paliponse pamene mwapeza mpata.

Ndiyambe ndi kufiirako. Pachithunzi cha ku nazale unali wofiira psu. Mu Epulo utachita maluwa, unali wapinki woderako, chapakati poyererapo. Wofuna kufiira kwenikweni akhoza kukhumudwa. Ine ayi, chifukwa maluwawo amabwera masamba asanaphuke, ndiye mtengo wonse umangokhala maluwa okhaokha. Zimene zimaoneka ngati duwa kwenikweni ndi timasamba tinayi tamtundu, monga zimakhalira ndi bougainvillea kwathu. Maluwa enieni ndi ang'onoang'ono, obiriwira, ounjikana pakati.

Nkhani yaikulu ndi malo ndi madzi. Kutchire kwa kum'mawa kwa America mtengowu umamera m'munsi mwa mitengo ikuluikulu, ndipo khalidwe limeneli suulisiya ukafika pakhomo. Wanga uli poti dzuwa la m'mawa limafika, masana nyumba n'kuutchinga. Ngakhale zili choncho, kutentha kwa Julayi ndi Ogasiti kunaumitsa masamba ena m'mphepete. Mizu yake ndi yosazama, imayenda chapamwamba, motero nthaka ikangouma mtengo umaonetsa msanga. Mvula ikadula ndimathirira kamodzi pa sabata, pang'onopang'ono mpaka madzi alowerere, ndipo ndimathira pansi, osati pamasamba. Ndinaphimbira ndi makungwa a paini, masentimita 5 mpaka 8, kusiya kampata kuti asakhudze tsinde. Dothi lakuno ndi katondo wosunga madzi, pomwe dogwood safuna chinyezi chodikha. N'chifukwa chake dzenje linali lotambalala koma losazama, ndipo mtengo unakhala chokwererapo pang'ono. Umakonda nthaka yowawasa pang'ono, pH ya 5.5 mpaka 6.5, ndiye laimu amene anthu amathira pakapinga musamuyandikize. Feteleza sindinathire chaka choyamba, ndipo sindinaone chosowa.

Chimene chinandidetsa nkhawa ndi nkhungu yoyera ngati ufa imene inagwira masamba anthete nyengo yotentha, ena mpaka kupindika. Sinaphe mtengo, koma inauchotsa ulemu. Ndinkatola masamba ogwa n'kukataya kutali. Mtundu wa Cherokee Brave umadziwika kuti umapirira bwinoko nkhungu imeneyi, ndipo amene simunagule, ganizirani umenewo. Matenda oopsa zedi ndi anthracnose, obwera ndi nkhungu ya Discula destructiva, amene anaonekera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo anapha mitengo yambiri m'mapiri a Appalachian. Amakonda pamthunzi wambiri ndi ponyowa, pamene masamba sauma msanga. Wanga sunagwidwe, ndipo ndikukhulupirira kuti dzuwa la m'mawa lija likuthandiza. Mtundu wopirira matendawa, Appalachian Spring, ndi wa maluwa oyera.

Chenjerani ndi makina otchetchera udzu. Khungwa lake ndi lopyapyala, ndipo pabala ndi pamene mbozi zoboola thunthu zimalowera. Kuphimbira kuja kumathandizanso pamenepa, poti makina safika pafupi.

Kudulira sikufunika kwenikweni, kupatula nthambi zouma. Mphukira za maluwa a chaka chamawa zimapangika chakumapeto kwa nyengo yotentha n'kukhala kunsonga chisanu chonse, ndiye wodulira nthawi yachisanu akudula maluwa ake omwe.

Mu Okutobala masamba anasanduka ofiira moderako, ndipo kwa ine apa ndi pamene unafiira kuposa mu Epulo. Unabereka tizipatso tochepa tofiira timene mbalame zinatha msanga. Njere zake musadalire kuti zikupatsani wofiira, pakuti mitundu imeneyi amachita kumezanitsa.

Umakula pang'onopang'ono. Ukakhwima umatha kufika mamita 5 mpaka 9, koma wanga wangowonjezera pang'ono. Ngati muli ndi malo a mthunzi wa masana ndipo mudzakwanitsa kuthirira zaka ziwiri zoyambirira, gulani. Ngati bwalo lanu ndi la dzuwa tsiku lonse, dogwood wa mtundu wina wochokera ku Asia, wotchedwa kousa, angapirire bwinoko kuposa uyu.