Majeti a kabuleta omwe ndinagula ku Limbe: mmene andichitira

Paketi ya majeti a mkuwa (tizitsulo ta bowo momwe petulo amadutsa mu kabuleta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) yomwe ndinagula ku Limbe dzinja lisanayambe ndikuigwiritsabe ntchito panjinga yanga yamoto ya kabaza ya 125cc, pakati pa Luchenza ndi Thyolo boma. Ndalama yanga sinapite pachabe, koma musamange jeti iliyonse musanamvetse nambala yolembedwa pamutu pake.

Njinga zambiri zachitchaina zili ndi kabuleta wa mtundu wa PZ, wotengera wa kampani ya Keihin. Pa majeti ake, nambala imanena kukula kwa bowo: 100 ndi pafupifupi milimita imodzi, 95 ndi 0.95. Kusiyana kumaoneka kochepa, koma poti bowolo ndi lozungulira, kuchoka pa 100 kufika pa 105 malo odutsa petulo amakula ndi pafupifupi 10 pa 100 aliwonse. Majeti a kampani ya Mikuni a mutu wa ngodya zisanu ndi imodzi ndi nkhani ina, nambala yawo imanena kuchuluka kwa mafuta odutsa pa mphindi imodzi. Ndiye mnzanu wa pasiteji akakupatsani 100 ya Mikuni, musayese kuti ndi 100 yomweyo.

Njinga yanga inabwera ndi jeti yaikulu ya 100. Kumunsi ku Luchenza inkayenda bwino, koma ndikakwera mpaka ku Bvumbwe, komwe mpweya ndi wochepa chifukwa cha kutalika kwa malo, inkatsamwa ndikaikoka kwambiri, pulagi n'kutuluka yakuda bii ngati kunsi kwa mphika, chizindikiro choti petulo wachuluka. Nditaika 95 inamasuka, pulagi inasanduka yofiirira ndipo petulo akukhalitsa. Ndinayesako 90 tsiku lotentha nditanyamula pasenjala ndi thumba la ufa, injini inatentha kwambiri, pulagi yoyera mbuu. Ndinaichotsa tsiku lomwelo, chifukwa petulo wochepa amawononga pisitoni, ndipo ndalama yomwe wapulumutsa imathera kwa makaniko.

Chomwe chandikhumudwitsa ndi kapangidwe kake. Jeti ya 92 ndi ya 95 ndikaziunika ndi tochi ya foni mabowo amaoneka ofanana, ndipo manambala ena ayamba kufufutika. Mkuwa wake ndi wofewa, mukalimbitsa kwambiri ndi sikuludilaiva mutu umadyeka.

Jeti yaing'ono, yomwe imagwira njinga ikamalira itaima, sindinaikhudze. Anzanga odutsa m'misewu ya fumbi ya m'minda ya tiyi, yambani mwatsuka sefa ya mpweya musanaganize zosintha jeti, chifukwa sefa yotsekeka imadetsanso pulagi chimodzimodzi. Jeti ikatsekeka muipemerere ndi mpweya, musaitokose ndi waya, bowo limakula ndipo nambala yolembedwa ija sikhalanso yoona.