Kiti ya Kunja Kapena Matabwa a ku Ndirande: Kachombo Kanu Koyamba Mukapange Bwanji?

Pafupifupi aliyense amene wagwidwa ndi chidwi chopanga tizombo ta matanga amayamba wakhumbira HMS Victory. N'zomveka ndithu. Ndi chombo chimene Nelson, mkulu wa asilikali apamadzi a ku Britain, anakwera pa nkhondo ya ku Trafalgar mu 1805, cha mizinga 104, ndipo mpaka lero chikadalipo ku Portsmouth ngakhale chinalowa m'madzi koyamba mu 1765. Ena maso amathamangira pa Cutty Sark, chija chonyamula tiyi chimene anachikhoma ku Dumbarton m'dziko la Scotland mu 1869. Koma musanafike potchula dzina la chombo, pali zisankho ziwiri zimene zimayamba: mugula kiti (bokosi la zidutswa zokonzeratu zomangira kachombo) yochokera kunja kapena mucheka nokha matabwa akonkuno, ndipo thunthu la chombocho mulimanga m'njira iti. Kwa ife okhala mu Blantyre, mayankho ake amasiyana ndi a munthu wa ku London.

Tiyambe ndi kiti. Makampani odziwika ndi monga OcCre ndi Artesanía Latina a ku Spain, Amati a ku Italy, Billing Boats a ku Denmark, Caldercraft a ku England ndi Model Shipways a ku America. Mukatsegula bokosi mumapeza pulaiwudi kapena MDF (thabwa la utuchi wopsinjidwa ndi guluu) yodulidwa kale ndi makina, mitolo ya timatabwa topyapyala, ulusi wa makulidwe osiyanasiyana, mapulani, ndi timatumba ta tizipangizo: mizinga, nangula, timisomali, ndi tizibulo tamatabwa todutsamo zingwe. Timatumba timeneti ndi tomwe timapatsa kiti mphamvu. Kusema tizibulo mazana angapo, kalikonse kochepa kuposa njere ya chimanga, kalikonse kobooledwa bwinobwino, ndi ntchito yoti ingakutopetseni musanaimike n'komwe mlongoti. Kiti imakupatsaninso ndondomeko, moti mumadziwa choyamba ndi chotsatira.

Vuto lake nonse mukulidziwa. Kiti imagulidwa ndi madola kapena mayuro, ndalama zakunja n'zovuta kupeza, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo umene unkaoneka wopiririka unasanduka wa mwezi wathunthu wa lendi. Onjezanipo ndalama yotumizira bokosi lalitali ndi msonkho wa katundu wolowa m'dziko. Ndiye tiyerekeze kuti kathabwa kamodzi kathyoka, kapena timatabwa tokutira taperewera: mnzathu wa ku Ulaya amangoitanitsa tina n'kufika sabata yomweyo, inu mudikira mpaka wachibale wochokera ku Johannesburg adzabwere. Palinso nkhani ya nyengo. MDF imamwa chinyezi. Kuyambira December mpaka March, komanso masiku a chiperoni mu June ndi July, thabwa la pakati limene limakhala msana wa chombo limatha kupindika lili chigonere m'bokosi. Mukamanga pa msana wopindika, chombo chonse chimatuluka chokhota, ndipo palibe sandipepa amene angachiwongole. Amene mwagula kiti, lisungeni thabwa limenelo mogoneka pamalo osalala, mutalipsinja ndi mabuku, ndipo pomanga mulipane pakati pa timatabwa tiwiri towongoka.

Njira inayo ndi yoyamba ndi pulani yokha basi. Mapulani a zombo zakale alipo ambiri: Royal Museums Greenwich, malo osungira zinthu zakale a ku London, imasunga mapulani a zombo zankhondo za ku Britain ndipo ambiri amaoneka pa intaneti, komanso zojambula za mu 1768 za Chapman, katswiri wokhoma zombo wa ku Sweden, zimapezeka mosavuta. Pulani yabwino imaonetsa chombo m'mbali, kuchokera pamwamba, ndi modula pakati malo angapo. Mukakaisindikiza mutauni muno, tengani rula, muyeze mzere wa sikelo (muyeso wosonyeza kuti chombo chachepetsedwa kangati) papepalapo musanachoke, chifukwa makina osindikizira amakonda kuchepetsa chithunzi kuti chikwane pepala.

Chovuta chenicheni cha njira imeneyi ndi kupeza timatabwa topyapyala, ta milimita imodzi kapena imodzi ndi theka. Macheka a makina a akalipentala a ku Ndirande kapena ku Limbe anapangidwira zitseko ndi mabedi, moti mano ake amadya thabwa lochuluka kuposa kamene katsale m'manja mwanu. Komabe zimatheka. Pemphani kalipentala wodekha akuchekereni mizere ya mamilimita atatu, zotsalazo mukapale nokha kunyumba ndi puleni yaing'ono ndi sandipepa womatidwa pa galasi. Zidutswa zimene iwo amataya pansi pa benchi n'zokwanira chombo chathunthu, ndipo ambiri amakupatsani pamtengo wochepa kwambiri mukawaonetsa chimene mukupanga.

Pa mitengo ndikufuna ndichedwepo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalakwira posankha thabwa lokongola m'malo mwa thabwa loyenera. M'makiti amaikamo mitengo ya lime ndi walnut, ndipo akatswiri amakonda boxwood ndi mtengo wa pear, chifukwa mizere yake ndi yaing'ono kwambiri. Chinsinsi chili pamenepo: mzere wa thabwa nawonso uyenera kuchepa molingana ndi sikelo. Mbawa ndi yokongola pa tebulo, koma timabowo take n'tatikulu, moti pa kachombo kathabwa ka mamilimita asanu kamaoneka kokumbikakumbika, ndipo mukamakapinda kamakonda kung'aluka. Isungireni choikapo chombo. Paini wa ku Zomba kapena ku Chikangawa ndi wotchipa, wofewa, koma ali ndi utomoni ndi mizere ikuluikulu. Ntchito yake ikhale yam'kati mosaoneka. Mlombwa ndimaukonda pa msana wa chombo ndi pa matabwa okhuthala a m'mbali mwa thunthu, chifukwa suvutika ndi kusintha kwa nyengo, sufufuma kapena kunyala kwambiri. Malaina, amene ambiri amawaona ngati nkhuni chabe, ndi opepuka, oyera, osemeka bwino ndi mpeni, ndipo pa thunthu ndi pokutira koyamba sindinapeze wowaposa konkuno. Jakaranda wouma, wodulidwa m'misewu ya mutauni muno, amatulutsa matabwa oyera abwino pa dek, pamwamba poyendapo amalinyero.

Koma chuma chenicheni chili kuseri kwa nyumba zathu: gwafa, ndimu ndi lalanje. Mitengo imeneyi ndi yolimba, yosalala, ndipo mukaisema m'mphepete mumakhala mwakuthwa osanyenyeka. Tizibulo, chiwongolero, tizipilala ta m'mphepete, zonsezi zimatuluka bwino. Dulani nthambi yokhuthala ngati dzanja, mupake penti kapena kandulo wosungunula kumapeto konse kuwiri kuti isang'ambike, muiike pamthunzi podutsa mphepo miyezi ingapo. Nsungwi yong'ambidwa bwino imapanga timisomali tamatabwa ndi timitanda tating'ono ta matanga. Za mkungudza ndinene mosabisa: ndi mtengo wa fuko lathu, ndipo ku Mulanje watsala pang'ono kutheratu. Musagule watsopano kwa aliyense. Ngati mwapeza chidutswa cha chitseko kapena bokosi lakale, gwiritsani ntchito chimenecho.

Tsopano kamangidwe ka thunthu, kamene kamakhudza onse, a kiti ndi ocheka okha. Njira zake ndi zitatu.

Yoyamba ndi yosema thunthu lonse pa chipika chimodzi, monga amachitira osema bwato kunyanja, kapena kumata matabwa angapo mosanjikiza n'kuwasema. Mumadula makatoni motsata mizere ya pa pulani, n'kumayeza nawo thunthu malo ndi malo mpaka kuwala kutasiya kudutsa pakati pa katoni ndi thabwa. Ndi yachangu, siifuna zida zambiri, ndipo amene manja awo anazolowera ziboliboli saona chachilendo. Choipa chake n'choti chipika chachikulu chosauma bwino chimang'ambika kukatentha mu October, ndipo kulinganiza mbali ya kumanja ndi ya kumanzere n'kovuta kuposa mmene kumaonekera. Chimatulukanso chosaoneka matabwa, pokhapokha mutachikuta pamwamba.

Yachiwiri ndi imene makiti ambiri amatsata. Pamakhala thabwa la msana lokhala ndi mipata, m'mipatamo mumalowa matabwa opingasa khumi kapena kuposerapo, lililonse lodulidwa molingana ndi mimba ya chombo pamalo pakepo. Kenako mumakuta ndi timatabwa kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Apa pali ntchito ziwiri zimene simungazilumphe. Yoyamba, musanamate kanthu, palani m'mphepete mwa matabwa opingasa aja mopendekera, makamaka kutsogolo, mpaka kathabwa koyesera kagone bwino pa onse popanda kulumpha kapena kupanga chinunda. Anthu amathamangira kukuta chifukwa ndi pamene chombo chimayamba kuoneka, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Yachiwiri, kumbukirani kuti mimba ya chombo ndi yaikulu pakati, yaing'ono kutsogolo. Tengani kapepala kakatali, muyeze m'mphepete mwa thabwa lopingasa lililonse, mugawe ndi chiwerengero cha timatabwa. Ngati pakati pali mamilimita 100 ndipo timatabwa ndi ta mamilimita 5, ndiye kuti tilowa 20. Kutsogolo mukapeza mamilimita 60, kalikonse kayenera kusongoka kufika mamilimita 3 pamenepo. Mukapanda kutero, timatabwa tidzayamba kukwerana musanafike theka. Popinda, viikani kathabwa m'madzi otentha, mukayendetse pa chitsulo chotentha kapena pa nthunzi ya ketulo, mukapane pamalo pake ndi mapini ndi mapegi oyanikira zovala, kaume kaye, mumate mawa lake. Makiti ambiri amakuta kawiri: koyamba ndi timatabwa tofewa timene mungapale ndi kutseka mipata, kachiwiri ndi topyapyala ta theka la milimita. Kwa woyamba kumene, kukuta kawiri ndi chifundo chachikulu, chifukwa zolakwa zonse zimabisika pansi.

Yachitatu ndi yomanga nthiti imodziimodzi monga mmene chombo chenicheni anachimangira. Tizombo timene ankapangira akuluakulu a zombo zankhondo ku England zaka za m'ma 1600 ndi 1700, tambiri pa sikelo ya 1:48 (kutanthauza kuchepetsa chombo chenicheni ka 48), ankatisiya mbali yam'munsi osakuta kuti nthiti zioneke. Palibe njira yoposa imeneyi kukongola. Koma nthiti iliyonse ndi tizidutswa tingapo tolumikiza, nthitizo ndi makumimakumi, ndipo pamafunika thabwa lolimba lambiri louma bwino ndi macheka aang'ono olondola. Ndi ya chombo chachitatu kapena chachinayi.

Sikelo nayo imanyenga. Ambiri amaganiza kuti chaching'ono ndiye chosavuta, pomwe zoona zake n'zosiyana. Thabwa la masentimita 25 pa chombo chenicheni limakhala pafupifupi mamilimita 5 pa sikelo ya 1:48, koma pa 1:96 limatsika kufika pafupifupi awiri ndi theka, ndipo mfundo za zingwe zala sizigwira. Komanso chombo chachikulu pa sikelo yabwino chimadya malo: Victory pa 1:72 imapitirira mita imodzi, ndiye ganizirani bokosi lagalasi loitchinjiriza ku fumbi la mu September. Chombo chenichenicho chinali ndi zingwe zotalika makilomita oposa 40, ndipo pansi pake anakutapo malata a kopa pafupifupi 4,000 mu 1780. Zonsezo muyenera kuzichepetsa ndi kuziika chimodzichimodzi. N'chifukwa chake makiti ambiri a Victory amathera pamwamba pa wadilopu, thunthu litakutidwa theka.

Chombo cha mlongoti umodzi kapena iwiri n'chimene chimaphunzitsa munthu osamuthyola mtima. Sherbourne, kachombo kankhondo ka mu 1763 kamene anakajambula Thomas Slade, yemwenso anajambula Victory, kamapezeka ngati kiti pa sikelo ya 1:64 ndipo kali ndi zonse: kukuta, mizinga yochepa, zingwe. Bluenose ya ku Canada ya mu 1921 nayo ndi yabwino chifukwa thunthu lake n'lowonda, timatabwa timapinda mosakakamiza. Ndipo tisaiwale zombo za panyanja yathu, zija za Jumbe wa ku Nkhotakota, za mlongoti umodzi ndi thanga limodzi lalikulu, zimene zinkawolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa. Mbiri yake ndi yowawa, koma ndi yathu, ndipo mwana akaona kachombo kotere patebulo amafunsa mafunso oyenera kufunsidwa. Palibe kiti yake, choncho mumadalira zithunzi zakale. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ndi poyambira pabwino. Chombo cha mamita 20 pa 1:48 chimangokhala masentimita 42, chokwana pa shelefu.

Pa guluu, woyera wa akalipentala uja ndiye wa matabwa, chifukwa amakupatsani mpata wosuntha kathabwa ndipo wotuluka m'mbali amapukutika ndi kansalu konyowa. Supa guluu akhale wa zitsulo zokha. Pa ulusi amaumitsa mfundo n'kuithyola, pa thabwa amasiya banga limene vanishi saliphimba. Ulusi wa m'sitolo zosokera umagwira ntchito mukaudutsitsa pa phula la njuchi kuti ubweya ugone. Zingwe zogwira milongoti zikhale zakuda, popeza zenizenizo ankazipaka phula lakuda, zokokera matanga zikhale zofiirira. Tiyi wamphamvu amadaya bwino ulusi wa thonje.

Ine ndaima apa: kwa munthu wa mu Blantyre, njira yachiwiri ija ya msana ndi matabwa opingasa, pogwiritsa ntchito pulaiwudi yabwino m'kati, malaina pokuta koyamba, mlombwa ndi gwafa pooneka, imaposa kiti yathunthu. Kathabwa kakathyoka mumangocheka kena. Ngati muli ndi wachibale wobwera kuchokera kunja, musamusenzetse bokosi lalikulu. Mumutume timatumba ta tizibulo, mizinga ndi tizitsulo toboolera ta theka la milimita, zonse zokwana mu envelopu imodzi. Kiti ndingailimbikitse kwa munthu amene sanagwirepo puleni ndipo alibe womuonetsa, koma ikhale yaing'ono, ya mlongoti umodzi, yokuta kawiri, ndipo mapulani ake muwasunge bwino, chifukwa chombo chachiwiri mudzachichekera pa mapulani omwewo ndi matabwa akonkuno.