Pulogalamu yoyeza masamba a mbewu: zomwe ndaona m'munda ndi kudimba ku Ngabu

Ndikuyipatsa nyenyezi 4 pa 5.

Ndine mlimi wa kufupi ndi ku Ngabu m'boma la Chikwawa. Kumtunda ndimalima mapira ndi thonje, madzi akaphwa ndimatsikira kudimba kukabzala chimanga, ndipo kuseri kwa nyumba kuli kamunda ka chinangwa ka apongozi anga. Pulogalamuyi anandiyikira m'foni ndi mwana wa mlongo wanga amene akuphunzira za makompyuta ku Blantyre. Ntchito yake ndi imodzi: umaloza kamera pa tsamba, iyo n'kukuuza chimene chikuvutitsa mbewuyo. Ndayenda nayo dzinja limodzi ndi ulimi wa kudimba kawiri, choncho zimene ndilembe pano ndi zimene maso anga aona.

Amene mumalima kuno simunaiwale chaka cha 2017. Mbozi zachilendo zija, zomwe kwawo ndi ku America ndipo zinayamba kuoneka mu Africa mu 2016, zinalowa m'chimanga mwathu ngati moto wolusa, mpaka mu December 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 ali pa ngozi. Ambiri tinkayesa kapuchi wa masiku onse, ndiye tinachedwa kuchitapo kanthu. Kuno kuchigwa vuto lake ndi lalikulu kuposa kumapiri, chifukwa kutentha kumachititsa kuti mbozi ikule msanga, mwezi umodzi yasanduka kale gulugufe woikira mazira ena. Komanso chimanga chathu cha kudimba chimakhala chobiriwira nthawi imene kwina konse kwauma, ndiye mbozizi sizidziwa njala chaka chonse. N'chifukwa chake nditamva kuti foni ingathe kuzizindikira, sindinachite mphwayi.

Tsiku limene ndinayamba kuyikhulupirira linali m'mawa wina mu July, chimanga cha kudimba chitangofika m'mawondo. Pa masamba ena panali timalo toyera toonekera kuseri, ngati wina wapala tsamba ndi lumo osaliboola. Kale ndikanangodutsa, poti panalibe chibowo ngakhale chimodzi. Ndinajambula, ndipo pasanathe nthawi foni inalemba kuti kumeneko ndi kudya kwa mbozi zazing'ono zongoswedwa kumene. Inandionetsa chithunzi cha mbozi yaikulu ndi zizindikiro zake ziwiri: chilembo cha Y chozondoka pamutu, ndi timadontho 4 takuda tokhala ngati ngodya za bokosi chakumchira. Inatinso ndisuzumire mumtima mwa chimanga, mmene tsamba latsopano limatulukira. Nditafunyulula mapesi angapo ndinapezadi ndowe zonga utuchi wonyowa, ndipo pansi pake mbozi ili phee. Y uja ndinamuona ndi maso anga.

Kuyambira pamenepo ndinatsatira njira imene alangizi anatiphunzitsa kalekale koma ambiri sitiyichita: kuyenda m'munda mokhotakhota, kuima malo 5, pamalo paliponse kuyang'ana mapesi 10. Mazira amene ndinawapeza ataunjikana pa masamba ndinawaphwanya ndi zala. Mumtima mwa mapesi ogwidwa tinathira mchenga wosakaniza ndi phulusa, ine ndi mayi akunyumba, ndipo mankhwala ndinapopera chigawo chimodzi chokha chimene chinagwidwa kwambiri, madzulo dzuwa litapepa, mbozi zikamatuluka kudzadya. Botolo limene kale linkatha pa ulendo umodzi linandikwanira nyengo yonse. Chimanga chinabereka, tinadya mondokwa, china tinagulitsa pa msika wa Ngabu. Sindikunena kuti foni ndiyo inapulumutsa munda. Chimene inachita n'kundionetsa vuto mbozi zikadali zazing'ono, nthawi imene mchenga ndi zala zimathandiza.

Chinthu china chimene ndiyenera kuyamikira ndi chakuti ikalowa m'foni imagwira ntchito popanda intaneti. Kudimba kwathu netiweki imabwera n'kupita, ndipo bandulo si yogula tsiku lililonse. Batire yokha ndiyo imatha msanga ukamajambula kwambiri, ndiye amene mumatchajitsa pa sola kapena pa okala, pitani kumunda foni itadzaza.

Pa chinangwa yandithandizanso. Masamba ena a m'munda mwa apongozi anali opiringizika, a mawanga achikasu ndi obiriwira, mitengo yake yopinimbira. Foni inati ndi khate la chinangwa, lomwe limafala ndi tizilombo toyera touluka timene timabisala kuseri kwa tsamba, komanso ndi mbewu yodula ku mtengo wodwala. Inalangiza kuzula ndi kutaya kutali. Apongozi sanavomere msanga. Anati, "Inu bambo, mukufuna kundizulira chigwada changa chifukwa cha foni? Chinangwa ichi ndakhala nacho zaka." Ndinawayankha kuti, "Amayi, sitizula chonse ayi, koma chodwalachi tisadulenso mbewu chaka chino." Tinagwirizana choncho. Tinamanga tinsanza pa mitengo yathanzi kuti mbewu tidzatenge pamenepo, ndipo munda watsopanowo ukuoneka bwino kuposa wakale.

Tsopano zimene zandichititsa kuchotsapo nyenyezi imodzi.

Choyamba ndi dzuwa lathu. Mu October, nthawi ikangokwana 10 koloko, tsamba limanyezimira ngati lata, foni nayo imatentha m'manja. Ndikajambula nthawi imeneyo, tsamba limodzi lomwelo imalipatsa mayankho awiri osiyana. Fumbi la pa masamba a m'mbali mwa msewu nalonso imaliona ngati matenda. Ndaphunzira kujambula m'mamawa, kutchinga dzuwa ndi thupi langa, ndi kujambula masamba angapo a phesi limodzi, apansi ndi apamwamba, ndisanakhulupirire.

Chachiwiri chinandiwawa kwambiri. Mbali ina ya dimba langa inakwiririka ndi mchenga pa madzi osefukira a namondwe Freddy mu March 2023. Chimanga cha pamenepo chimachita chikasu kuyambira masamba apansi, chikasucho n'kuyambira kunsonga kutsata msempha wapakati. Foni inanditchulira dzina la matenda, ndipo ndinatsala pang'ono kukagula mankhwala. Mwamwayi alangizi anadutsa sabata yomweyo. Atangoyang'ana anati, "Bambo, ichi sichikudwala, chili ndi njala. Nthaka yabwino ili pansi pa mchengawu, thirani manyowa ndi feteleza wobereketsa." Iwo anaona mchenga, anadziwa mbiri ya malowo. Foni inaona tsamba lokha.

Chachitatu ndicho chachikulu kwa ife a kuchigwa: mapira ndi thonje siizidziwa. Tsamba la mapira imaliyesa la chimanga, ndipo nthawi zina imalondola poti mbozi zomwezi zimadyanso mapira, koma nthawi zina imaphonya. Pa thonje, kaya ndi nsabwe za kuseri kwa masamba kaya mbozi zoboola zipatso, siinena kanthu kothandiza. Komatu kuno mvula ikavuta amatisunga ndi mapira, ndipo ndalama ya fizi imachokera ku thonje.

Mwana wa mlongo wanga atabwera pa tchuthi ndinamudandaulira, ndipo zimene anandifotokozera zinandimasula maganizo. Anati, "Amalume, foni siona monga mmene inu mumaonera. Inaonetsedwa zithunzi zambirimbiri, chilichonse chitalembedwa kale ndi katswiri kuti ili ndi khate, ili ndi tsamba labwino, mpaka inazolowera mawanga ndi mitundu yake. Chimene sinaonetsedwe siingachidziwe, koma imayankhabe poyerekeza ndi chimene chikufanana nacho." Anandiuza kuti luso lophunzitsa kompyuta kuona linakula kwambiri kuchokera mu 2009, pamene katswiri wa makompyuta Fei-Fei Li ndi anzake ku America anasonkhanitsa zithunzi mamiliyoni mu nkhokwe yotchedwa ImageNet, ndipo mu 2012 gulu la Geoffrey Hinton la ku yunivesite ya Toronto linapambana mpikisano wozindikira zithunzizo mosiya ena kutali. Za masamba zinabwera pambuyo. Mu 2016 ofufuza anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi za masamba zoposa 54,000, ndipo pa zithunzi zofanana nazo inalondola pafupifupi 99 pa 100 zilizonse. Koma masambawo anali othothola, ojambulidwa bwinobwino pa malo oyera. Atayiyesa ndi zithunzi zojambulidwa kwina, inalondola pafupifupi 31 zokha pa 100. Ndiye ofufuza ena anayamba kulowa m'minda yeniyeni: a bungwe la kafukufuku wa ulimi la IITA ku Tanzania ndi a yunivesite ya Makerere ku Uganda anajambula chinangwa chili m'munda, ndi dzuwa lake, mithunzi ndi udzu womwe.

Nditamva zimenezi ndinamvetsa chifukwa chake pa chinangwa ndi chimanga imachita bwino, pomwe pa mapira anga imasokera. Si kuti ndi yonama, koma sinafikepo kuno. Sinaonepo tsamba la mapira lofota ndi dzuwa la ku Nsanje, kapena chimanga chomera pa mchenga wa madzi osefukira a ku Makhanga. Mlendo ngakhale wanzeru chotani amafunika womusonyeza njira.

Pempho langa kwa amene anaipanga, ndi kwa ana athu amene akuphunzira zimenezi, ndi lakuti atsikire kuno. Ku Kasinthula ndi ku Ngabu konkuno kuli malo a kafukufuku wa ulimi, kuli akatswiri amene angalembe dzina lenileni la vuto pa chithunzi chilichonse. Alimi tilipo, mafoni ena tili nawo, ndipo mapira ndi thonje zili ponseponse kuyambira ku Thabwa mpaka ku Marka. Ndikupemphanso kuti izilankhula Chichewa ndi Chisena, ndipo izilankhula ndi mawu, osati kulemba kokha. M'kalabu yathu amayi ndiwo ambiri, ndiwonso amakhala kudimba tsiku ndi tsiku, koma ochepa okha ndi amene amawerenga Chingerezi. Pakali pano ndimachita kuwamasulira ine, ndipo tsiku limene ndapita ku maliro kapena kumsika, foni imeneyi kwa iwo ilibe ntchito. Ndikanakondanso kuti ikakhala kuti siikutsimikiza izinena poyera kuti kafunseni alangizi, m'malo motchula dzina la matenda limene lingatumize munthu kukataya ndalama ku sitolo.

Kwa anzanga amene mukufunsa ngati n'koyenera kuyiyika m'foni, ndikuti yikani, makamaka ngati muli ndi chimanga cha kudimba kapena chinangwa. Jambulani m'mawa, jambulani masamba angapo, ndipo musagule mankhwala musanafunyulule phesi n'kuona mbozi ndi maso anu. Pa mapira ndi thonje pitirizani ndi alangizi ndi akuluakulu a m'mudzi.

Ine ndayamba kale mbali yanga. Tsamba lililonse la mapira kapena thonje limene likundikayikitsa ndimalijambula n'kulisunga, ndipo alangizi akabwera pa msonkhano wa kalabu ndimawaonetsa, iwo n'kundiuza vuto lake, ine n'kulemba mu kope pamodzi ndi tsiku ndi malo. Mwana wa mlongo wanga wati akabwera pa Khirisimasi adzazikopera zonse mu kompyuta yake kuti akaonetse aphunzitsi ake.