Mizere ya thermoplastic ya mikanda ikuluikulu: mmene ilili patatha miyezi 14

Bilu yokonzanso mizere ya pakona yafika sabata ino. Sabata yomweyi mnzathu wina woyang'anira msewu ngati wathu wafunsa ngati thermoplastic (utoto wa pulasitiki wosungunula, wolembera mizere ya pamsewu) ya mikanda yagalasi ikuluikulu, ija amati imaoneka usiku ngakhale mvula ikugwa, ndi yoyenera ndalama zake. Yathu yatha miyezi 14 pamsewu wa phula wodutsa malole olemera tsiku lililonse. Yaona nyengo ya mvula imodzi yathunthu ndi chiyambi cha ina.

Zomwe zili bwino sizifuna mawu ambiri. Yamatirira phula, palibe pamene yasupuka. Masana ikadali yoyera, yangoda pang'ono moponda matayala. Usiku kukakhala kouma imawala patali. Pamalo owongoka imaonekanso mvula ikugwa, ndipo poyerekeza ndi penti wamba yomwe inalipo kale, kusiyana kwake sikofunika makina kuti ukuone.

Mzere suwala wokha. Timikanda tagalasi tomwe amawaza pamwamba thermoplastic ikadali yotentha timalandira kuwala kwa magetsi a galimoto, kumapindika, kukagunda utoto woyera womwe wagwira mkanda kunsi, n'kubwerera m'maso mwa dalaivala. Galasi la mikanda wamba limapinda kuwala pa mlingo wa 1.5, madzi pa 1.33. Mkanda ukamira m'madzi, poti milingo iwiriyi ndi yoyandikana, kuwala sikupindikanso mokwanira ndipo sikubwereranso. Komanso madzi oyala pamsewu amakhala ngati kalilole, kuwala kumangodumphira kutsogolo. Mikanda wamba sifika milimita imodzi, n'chifukwa chake imamira msanga. Ikuluikuluyi ndi ya milimita imodzi mpaka awiri, mutu wake umatulukira pamwamba pa madzi. Nzeru yake yonse ndi imeneyo, ndipo imagwira ntchito pokhapokha mkandawo ukakhala kuti ukadalipo.

Pakona sunakhalitse. Pofika mwezi wa 5 mzere wapakati pamenepo unayamba kuzimiririka mvula ikagwa, pamalo pomwe dalaivala amaufuna kwambiri. Masana sungadziwe kanthu. Ukagwada n'kuyendetsa chala pamzere wa pamalo owongoka, umamva kukhakhala ngati sandipepala. Pakona chala chimangotsetsereka, ndipo ukayang'ana ndi galasi lokuzira zinthu umaona timaenje tozungulira bwinobwino, timizeremizere, tosaya, momwe munakhala mikanda. Kusayako ndiye umboni. Mkanda umayenera kulowa m'thermoplastic theka lake kapena kupitirira pang'ono, 50 mpaka 60 peresenti. Ukalowa pang'ono umazuka, ukalowa kwambiri suwala. Ya pakonayi inangokhala pamwamba.

Chifukwa chake chili pa kaikidwe. Thermoplastic imasungunulidwa pafupifupi madigiri 200, ndipo ikangotera pa phula lozizira imayamba kuumba khungu m'masekondi ochepa. Pamalo owongoka makina amathira ndi kuwaza mikanda nthawi imodzi, pafupifupi magalamu 400 pa sikweya mita. Pakona anagwiritsa ntchito kabokosi kokankha pamanja, wina akutsatira m'mbuyo n'kumawaza mikanda ndi dzanja. Inatera pakhungu louma kale. Titadula kachidutswa n'kukayeza, tinapezanso kuti mzerewo ndi wopyapyala, wosafika mamilimita awiri, pomwe mkanda waukulu umafuna mamilimita awiri mpaka atatu kuti upeze polowa. Onjezerani matayala a kumbuyo a ngolo ya lole, omwe pokhota sagudubuzika bwino koma amakhukhuluzika cham'mbali, ndiye mikanda yosalowa bwino inasesedwa yonse.

Mkati mwa kona momwemo muli vuto lina lomwe sitingaliike pa wogulitsa. Mzere wa m'mphepete, pokhala wokhuthala, umatchinga madzi ngati kadamu, ndipo amadikha mpaka kukwirira chilichonse. Pamadzi otero palibe mkanda waukulu womwe ungatulukire. Tinadula timipata m'mzeremo kuti madzi azidutsa, tinachotsanso matope otseka ngalande, vutolo linachepa tsiku lomwelo. Timipatati timayenera kusiyidwa poika mzere.

Kuyeza kwake sikovuta, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti tinakuphunzira mochedwa. Muyezo wa ku Europe wa EN 1436 umayeza kuwala kobwerera monga akuonera dalaivala ali pa mamita 30. Kouma, gawo la R2 limafuna 100 mcd/m²/lx (mlingo woyezera kuwalako). Konyowa, umathira madzi a m'ndowa pamzere, n'kudikira mphindi imodzi, kenako n'kuikapo makina oyezera. Magawo a konyowa amatchedwa RW: RW1 imafuna 25, RW2 35, RW3 50, RW4 75. Pa mwezi wa 12 malo owongoka anapitirira RW2. Pakona sipanafike ngakhale pa RW1. Koma kouma, pakona pomwepo panapitirira 100 popanda vuto.

Zimenezi zinatizunguza mutu kaye. Thermoplastic imabwera ndi mikanda ina ing'onoing'ono yosakaniza kale mkati mwake, ndipo pamwamba pakamaperepeseka imatulukira. Imeneyi imawala bwino kouma koma imamira ndi kamvula kakang'ono. Ndiye kuti mzere ukhoza kutaya mikanda yonse yomwe munalipirira ndalama zowonjezera, n'kumapambanabe mayeso a kouma.

Chomwe chatidabwitsa mokoma ndi kagawo kakafupi ka m'mphepete komwe anaika mzere wa nthitinthiti, wokhala ndi timitumbira todutsa mopingasa, mongoyesera. Sitinaupatse chidwi poyamba. Timitumbirato ndi totalika mamilimita ochepa chabe, koma madzi amatsetserekera m'mipata, ndipo mbali yoyang'anizana ndi galimoto imakhala pamtunda, mikanda yake ili yosamira komanso yosapondedwa kwambiri. Pamvula yamphamvu, mizere ina yonse ikayamba kufooka, umenewu umaoneka ngati timadontho towala tondondozana. Tayala likaupondanso umalira, dalaivala wosinza n'kudzidzimuka. Kuipa kwake, mchenga umadzaza m'mipata ndipo umafuna kusesa, apo ayi phindu lonse latha. Oyendetsa njinga saukonda, choncho si woika paliponse.

Tsopano za wogulitsa. Kabuku kake kotsatsa kanadzaza zithunzi za usiku wamvula, koma m'mgwirizano womwe tinasaina munali nambala imodzi yokha, ya kouma, pa miyezi 12. Za RW munalibe ngakhale liwu limodzi. Sitinazindikire, ndipo pamenepa cholakwa n'chathu. Titamutumizira zithunzi za timaenje tija, anayankha kuti katundu wake alibe vuto, alakwitsa ndi oika. N'zoona ndithu, koma oikawo anatisankhira ndi iye yemwe, ndipo mtengo wawo unali m'pepala lake lomwelo. Oika nawo anati palibe anawauza kuti mikanda ikuluikulu imafuna mzere wokhuthala. Ndalama yomwe tinasunga ngati chikole tinaipereka pa mwezi wa 12, poti mayeso olembedwa anali atapambana. Kuchokera pamenepo mafoni anayamba kuyankhidwa mochedwa.

Patapita milungu yambiri tikukankhana, anavomera kupereka thermoplastic ndi mikanda ya pakona kwaulere. Malipiro a anthu ogwira ntchito, kupala mzere wakale ndi kutseka msewu zagwera ife, ndipo zimenezi n'zomwe zimadya ndalama zambiri kuposa katunduyo. Ndi bilu yomwe ili patebuloyi.

Mukatifunsa usiku wamvula tikuyenda pamalo owongoka, tidzati gulani osakayika. Mukatifunsa tikuyang'ana biluyi, tidzati mtengo wowonjezera wa mikanda ikuluikulu taulipira kawiri pamalo amodzi okha omwe tinkaifunira. Katunduyo tingagulenso, ndipo m'mphepete monse tingaike wa nthiti. Kwa wogulitsa yemweyu tingabwerere ngati atalemba m'mgwirizano RW2 pa miyezi 12, kuyezedwa pakona osati powongoka pokha, kukhuthala kwa mzere m'mamilimita, kuwaza mikanda ndi makina paliponse, komanso kuti katundu ndi kaikidwe zonse zili pamutu pake. Pakona pakonzedwa masiku apitawa, phula litauma bwino, ndipo chala chikumva kukhakhala. Biluyi tamuuza wogulitsayo kuti tilipira akabwera ndi makina oyezera, ife tibweretsa ndowa.