Njinga ya fixed gear pa zitunda za Dedza: mmene yakhalira kuchokera mu Epulo

Mu Epulo ndinalemba za njinga yomwe ndinamanga kuti ndizipikisanira pa zitunda: felemu yachitsulo ya kaunjika, matayala owonda a saizi ya 700c, mano 39 pa giya yakutsogolo ndi 19 pa yakumbuyo, buleki yakutsogolo, basi. Ilibe fuliwilo. Giya yakumbuyo inamangidwira ku habu, ndiye tayala likamayenda mapedulo nawonso akuzungulira, mufune musafune, ndipo imeneyi ndiye amati fixed gear. Ena munati ndidzabwerenso ikadzakhalitsa. Pano mvula yoyamba yagwa, nyengo yonse yozizira ndi yotentha yatha ndili pa chishalo chake, ndipo maganizo anga ndi awa: njingayi ndi ya chitunda chimodzi chimene mwachisankhira giya. Pa chitunda chimenecho palibe inzake. Kwina konse mumangoipirira.

Nkhani yonse yagona pa mano. Tayala langa likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita 2.1. Ndi 39 kwa 19, mapedulo akazungulira kamodzi ndayenda mamita 4.3. Pa chikweza chimene ndikuyenda makilomita 12 pa ola, miyendo ikuzungulira ka 46 pa mphindi, zomwe ndi zolemera koma zotheka munthu ataimirira. Njinga za fixed gear zogula zomanga kale zimakonda kubwera ndi 46 kapena 48 kwa 16, mamita 6 kapena kuposa pa kuzungulira kumodzi. Imeneyo ndi giya ya m'misewu yosalala. Mukabwera nayo kuno, kumene tauni yeniyeniyo ili pa mamita pafupifupi 1,600 ndipo msewu uliwonse ukukwera kapena kutsika, mutsika n'kuyamba kukankha ana a sukulu akukuonererani.

Posankha giya musaganize za chitunda chonse, ganizani za pamalo poimirira kwambiri. Mukalephera kutembenuza phedulo pamenepo mpikisano watha, pomwe giya ikapepuka pa malo ogona mumangotaya masekondi ochepa. Ku Britain, kumene mipikisano yokwera chitunda chimodzi ndi mwambo wakale wa mu Okutobala, anthu ambiri akhala akupambana pa fixed gear, ndipo katswiri wa njinga Chris Boardman anatenga ukatswiri wa dziko lawo zaka zinayi zotsatizana, 1988 mpaka 1991. Koma zitunda zawo zambiri ndi zazifupi, za mphindi zowerengeka, ndipo munthu amasintha giya malinga ndi chitunda cha tsikulo. Ife kuno timafuna njinga imodzi ikwere paliponse kenako itifikitsenso kunyumba. Vuto limayambira pamenepo.

Nambala 19 ija sindinaisankhe mwangozi, ndipo miyezi imeneyi yandivomereza. Mnzanga wa ku Bembeke anaika 42 kwa 21, kulemera kwake pafupifupi chimodzimodzi ndi kwanga. Koma 42 ndi 21 kawiri ndendende, ndiye nthawi iliyonse akaumitsa miyendo kuti tayala likhwekhwereze, pamene pakukhudza phula ndi pomwepomwepo. Tayala lake linadyeka malo amodzi mpaka ulusi kuonekera, kwina konse kuli kwatsopano. Ndi 39 kwa 19 malo oterewa alipo 19, ndiye langa linatha mofanana kuzungulira konse.

Pokwera, njingayi imakoma. Mpikisano wathu si wapamwamba ayi, ndi anyamata ochepa Loweruka m'mawa, wina wagwira wotchi pamwamba, ena amayang'ana nthawi zawo pa Strava, pulogalamu ya pafoni yosunga maulendo a njinga. Pa zikweza za M1 pakati pa Dedza ndi Lizulu, zomwe zimakwera mosadumphadumpha, anzanga a magiya ndimawamva kumbuyo akusintha, tcheni chikulira, liwiro likuduka pang'ono. Ine palibe choganiza. Ndikaimirira, phedulo likafika pamwamba pomwe mwendo ulibe mphamvu, tayala lomwe likuyenda kale limalipititsa, ndipo mwendo umangolipeza latsika. Njinga imapepukanso chifukwa mulibe zosinthira magiya, mawaya ake ndi mulu wa magiya kumbuyo. Koma ndisakunamizeni kuti kupepukako ndiye kukundipambanitsa. Chimene chandithandiza kwambiri n'chakuti kothawira kulibe. Wa magiya akatopa amatsitsa giya n'kuyamba kudzimvera chisoni. Ine ndikafooka njinga iima.

Khwekhwelere ndi nkhani ina. Msewu umenewu, wochoka ku Golomoti kukwera mpaka pa Masasa, ndi wautali, wokhotakhota, ndipo sukwera mofanana. M'makona akuthwa aja, mkati mwa kona mumaimirira kuposa kunja, ndiye ndi 39 kwa 19 ndimayenera kutenga kona motambalala, maso ali kutsogolo kuopa minibasi yotsika. Ndiponso kumunsi kumatentha. Mu Okutobala mumanyamuka ku Golomoti thukuta lili kamukamu dzuwa lisanakwere, ndipo giya imene inali bwino pa M1 imasanduka katundu musanafike pakati. Pamenepa anzanga a magiya amandisiya, ndipo sindichita nazo manyazi.

Kutsika ndiye chilango. Pa makilomita 40 pa ola miyendo ikuzungulira pafupifupi ka 155 pa mphindi, ngati telala amene makina ake opalasa amuthawa, matako akudumpha pa chishalo. Simungasiye kupalasa, ndipo m'kona simungaimike phedulo lamkati m'mwamba monga timachitira pa njinga wamba. Likakhudza phula, tayala lakumbuyo limanyamuka. N'chifukwa chake ndinaika makiranki (mikono yogwira mapedulo) aafupi a mamilimita 165, ndipo sindipendeka kwambiri. Mu Juni ndinawonjezera buleki yakumbuyo. Pa intaneti mudzaona anthu akuyenda opanda buleki ngakhale imodzi. Asiyeni. Kwawo kulibe mbuzi zodumphira mumsewu, kapena tsiku la msika pa Lizulu pomwe matumba a mbatata ya kachewere ndi kabichi afika m'mphepete mwa phula. Mabuleki awiri, ndipo mapazi amangidwe ku mapedulo, chifukwa phazi likapulumuka pa mtsetse phedulo limabwera kudzakumenyani kumbuyo kwa mwendo.

Zokonza n'zochepa koma sizifuna ulesi. Choyamba ndi mphete yotsekera giya yakumbuyo. Giya imamangidwa ndi mazinga opita kumanja, mpheteyo ndi mazinga opita kumanzere, kuti mukamakaniza mapedulo giya isamasuke. Giya yatsopano imapitiriza kudzimanga yokha masiku oyamba mukamakwera mwamphamvu, ndiye pamatsala kampata pakati pa iyo ndi mphete. Mumakamva ngati phedulo laterereka pang'ono pokaniza. Bambo amene amandikonzera njinga kumsika analibe sipanala yake, anangotenga chitsulo chosongoka ndi hamala n'kugogoda m'timipata ta mphete. Atamaliza anazunguza tayala, naona mapedulo akutsatira, n'kupukusa mutu: "Achimwene, fuliwilo ndili nayo yotchipa, bwanji mukudzizunza?" Akabaza amene anali pomwepo anagwirizana nawo. Mmodzi anaiyesa, anafuna kupumitsa miyendo, njinga inamutukula pa chishalo.

Chachiwiri ndi tcheni. Fumbi la Ogasiti ndi Seputembala likasakanikirana ndi oyilo limadya tcheni msanga, chimatalika, chimakhwefuka. Pa njinga ya fuliwilo tcheni chikagwa mumangoima n'kubwezeretsa. Pa iyi chikhoza kukola tayala muli pa liwiro. Ndimachipukuta sabata iliyonse, n'kukokera tayala kumbuyo mpaka tcheni chizingosewera pang'ono, ngati theka la sentimita kapena kuposerapo pang'ono, poyesa pamalo pomwe chathina kwambiri. Popukuta musazunguze tayala chala chili pafupi ndi mano. Chala chikakodwa sichibwerera.

Mawondo anandivutitsa mu Julayi, m'mawa wa chisanu ndi nkhungu, pamene ndinkayamba chikweza thupi lisanatenthe. Kuvala zofunda mawondo ndi kuyamba ndapalasa kaye pamalo ogona kunathetsa zimenezo. Amene muli ndi bondo lovuta kale, njingayi si yanu. Si yanunso ngati ndi njinga yokhayo imene muli nayo, yopitira kuntchito ndi kukagula ufa. Ndinayesako msewu wadothi wokwera phiri la Dedza, lija la mamita 2,198, kulowera ku nsanja za mawayilesi. Matayala owonda amangopalasa miyala ukaimirira, ndipo giya ndi yolemera kwambiri kuti ukhale pansi. Kumeneko pitani ndi mountain bike.

Habu yanga ili ndi mazinga mbali zonse ziwiri, ndipo mbali inayo yakhala yopanda kanthu. Ndaitanitsa giya ya mano 21 ku Lilongwe yoti ikhale kumeneko, mamita 3.9 pa kuzungulira kumodzi, ya Khwekhwelere basi. Dzino lililonse lowonjezera limasunthira tayala kutsogolo pafupifupi mamilimita 3, ndiye mano awiri ndi 6, ndipo ndayeza, mpata pa felemu ulipo osawonjezera tcheni. Potsika ndizikwera matola, njinga pamwamba.