Ski ya kumayambiriro kwa nyengo: Scotland, Hintertux kapena sinowo ya m'nyumba?

Amene tinakulira kumudzi timachidziwa chizimalupsa, mvula ija imagwa mu Okutobala n'kuzimitsa moto wa m'tchire, fumbi n'kukhala pansi, nthaka n'kuyamba kununkhira. Wopupuluma amathamangira kubzala, kenako dzuwa limabweranso n'kuwotcha zonse. Sinowo yoyamba ya mu Novembala kuno ku Ulaya imatero ndithu. Zithunzi za mapiri oyera mbee zikangoyamba kuzungulira pa WhatsApp, mtima umayamba kale ulendo, koma pofika Loweruka mphepo yofunda yadutsa ndipo phiri labwerera ku udzu ndi miyala.

Ine zinandichitikira. Disembala wina tinanyamuka ku Manchester anthu anayi m'bandakucha, maola oposa asanu pagalimoto kupita kuphiri lina la ku Scotland. Sinowo tinaipezadi, koma malifiti onse okweza anthu paphiri anali otseka chifukwa cha mphepo. Tinamwa tiyi wa m'fulasiki tili m'galimoto n'kutembenuka. Mafuta aja sindinawadandaule kwambiri. Chinandipweteka n'chakuti awiri mwa anzangawo, omwe ndinatha miyezi ndikuwanyengerera kuti ayesere ski (masewera otsetsereka pa sinowo utavala timatabwa titalititali kumapazi), sanafunenso kumva za nkhaniyi mpaka lero. Choncho ndikamayerekeza njira zitatuzi, funso langa loyamba silikhala la mtengo. Ndimayamba ndafunsa kuti, zikakanika, ndani mwa amene ndawatenga adzavomere kubweranso?

Ndiyambe ndi Scotland yomweyo, popeza kwa ife okhala ku Britain ndi imene ili pafupi ndipo sifuna viza. Malo a ski kumeneko alipo asanu: Cairngorm pafupi ndi Aviemore, Glenshee, Glencoe, Nevis Range ndi The Lecht. Vuto lake mapiriwa ndi aafupi. Nsonga ya Cairn Gorm ndi mamita 1,245 basi, ndipo nyanja ya Atlantic ili pafupi, ndiye nyengo imasintha ngati bilimankhwe: lero kuzizira, mawa mvula yosungunula zonse. Mphepo ndiye musanene. Pansonga ya Cairn Gorm pomwepo anayezapo mphepo ya mamailosi 173 pa ola mu 1986. Mipando yoyenda pachingwe singayende mphepo ikakula, ngakhale sinowo itadzaza bwanji. Ndipo walira mvula walira matope: tsiku limene sinowo yagwa yokwanira ndi lomwenso apolisi amatseka mageti a msewu wa A93 wopita ku Glenshee kapena A939 wodutsa ku The Lecht. Onjezanipo kuti mu Disembala dzuwa kumeneko limalowa cha m'ma 3:30 masana.

Ena mwa malowa anagula makina opangira sinowo ngakhale kukutenthera, koma zimene makinawo amakwanitsa ndi kamtunda kakang'ono ka ophunzira, osati phiri lonse. Si kuti Scotland ndi yoipa ayi. Ikakoma, kumwamba kuli yeretu, mapiri ataphimbidwa mpaka kumene maso alekezera, mumaiwala zonse. Koma masiku otere amachuluka kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndipo amakomera wokhala ku Perth, Dundee kapena Aberdeen, amene angayang'ane makamera a paphiri Lachisanu usiku n'kusankha kugona kapena kudzuka. Ife akutali timalonjeza kuntchito ndi kunyumba kudakali masabata awiri, ndiye timakhala tikuchita juga.

Hintertux ndi nkhani ina. Ili kumapeto kwa chigwa cha Tux, nthambi ya chigwa cha Zillertal ku Tyrol, m'dziko la Austria, ndipo ski imachitika pa glacier, madzi oundana okhuthala omwe akhala paphiripo zaka mazanamazana osatheratu. Malifiti amafika mamita 3,250, kupitirira Sapitwa wathu wa pa Mulanje yemwe ndi mamita 3,002. N'chifukwa chake malowa amadziwika ndi nyengo yaitali kwambiri ya ski. Mu Novembala funso loti sinowo ilipo silivuta kwenikweni. Zovuta zake ndi zina.

Choyamba ndi pepala. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi kapena Zambia, chilolezo chokhalira ku Britain sichikulowetsani ku Austria. Mufunika viza ya Schengen (yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya), yomwe kuyambira mu Juni 2024 ndi mayuro 90 kwa munthu wamkulu, ndipo yankho limatenga masiku ngati 15, osawerengera kudikira tsiku lokapereka mapepala. Ndiye amene akufuna Novembala ayambe zake mu Seputembala, pamene kunja kukadafunda ndipo palibe chithunzi cha sinowo chomukoka mtima. Apa ndi pamene ambiri timagwera ulesi. Ulendo wake nawonso ndi wamagawo: ndege kukatera ku Innsbruck kapena Munich, sitima kukafika ku Jenbach, kasitima ka m'chigwa mpaka ku Mayrhofen, kenako basi. Si ulendo wa tsiku limodzi. Muwerengere atatu, ndipo zili bwino choncho, chifukwa chifunga kapena mphepo zikakulandani tsiku limodzi pamwamba paja, mawa lake lilipo.

Chachiwiri ndi thupi. Pamtunda wotere mpweya ndi wochepa, ndipo ntchafu zimene zakhala pampando kuyambira Epulo zimayamba kunjenjemera nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Nyengo imeneyi ndi yomwenso matimu ampikisano amadzaza ma glacier pokonzekera, poti mpikisano wa ski wa World Cup nthawi zambiri umayambira ku Sölden, ku Austria komweko, chakumapeto kwa Okutobala. Mudzapeza mbali zina za phiri zitazikidwa timitengo tawo, ndipo pamzere wa gondola (tizipinda toyenda pachingwe tokweza anthu paphiri) m'mawa ana a zaka khumi okhala ndi zikwama zazikulu kuposa iwo eni adzakupanikizani mosachita manyazi. Sinowo ya m'mawa imakhala yolimba gwa. Munthu amene sanavalepo ski sindingamutengere kumeneko kukayamba.

Yatsala ndi ija anthu odziwa amaiseka: sinowo ya m'nyumba. Ku Manchester pafupi ndi Trafford Centre kuli malo amene ambiri timawadziwa kuti Chill Factore, otsetsereka mamita 180. Ku Hemel Hempstead kuli ena a mamita 160, ndipo Snozone ili ku Milton Keynes ndi ku Castleford. Ndi chifiriji chachikulu chabe, tisanamizane. Wodziwa ski amatsika m'masekondi osakwana makumi atatu, n'kukweranso, n'kutsikanso, ndipo pakatha ola khoma lija lamukwana. Palibe phiri loti muone, chithunzi chotumiza kumudzi sichisangalatsa. Komabe mukalipira ola la 7 koloko madzulo Lachiwiri, ola limenelo limakhalapo. Kumeneko ndi kumene mumadziwira kuti nsapato zikuthina pachala chachikulu, kuti magolovesi anang'ambika chaka chatha, kuti bondo lamanzere likukana kukhota, zinthu zimene zimawawa kuzitulukira mutalipira kale ndege.

Za zipangizo ndinene mwachidule: kumayambiriro kwa nyengo panja, makamaka ku Scotland, miyala imabisala pansi pa sinowo yopyapyala ndipo imakanda ski koopsa. Ngati mwagula zatsopano, zisiyeni kunyumba mukabwereke.

Chaka chino ndakonza motere. Mu Okutobala ndi Novembala ndipita m'chifiriji muja kawiri kapena katatu, ndipo mlamu wanga amene akuti akufuna kuyesera ndimutengera komweko, akagwe bwinobwino pamalo pamene pali tiyi wotentha pafupi. Hintertux ndapangana ndi mnzanga mmodzi yekha wodziwa kale, masiku atatu chakumapeto kwa Novembala, mapepala a viza tayamba kusonkhanitsa. Scotland sindinailembe pakalendala. Ski zakale zokandikakandika zija zili m'buti ya galimoto, ndipo kuyambira Januwale Lachisanu lililonse usiku ndiziyang'ana makamera a ku Glenshee ndisanagone.