Mikisa ya Yamaha MG12XU patatha miyezi yambiri ikutumikira m'tchalitchi

Pamene mpingo wathu unagula mikisa (chipangizo chosakanizira mawu a mamaikolofoni ndi zida zoimbira asanapite ku masipika) ya Yamaha MG12XU chaka chatha, ndinalemba mwachidule kuti ndi chipangizo cholimba ndiponso chotulutsa mawu omveka bwino, koma ndinali ndi nkhawa yakuti achinyamata amene amatithandiza pa zokuzira mawu adzavutika kuzolowera mabatani ake ambirimbiri. Tsopano mikisayi yadutsa nyengo ya fumbi ndi ya mvula yomwe, yagwira ntchito pa mapemphero a Lamlungu, pa maukwati ndi pa misonkhano ya pabwalo, ndipo ndaona kuti kuchuluka kwa mabatani sikunali vuto lenileni. Munthu akangomvetsa njira imene mawu amayenda, kuchokera pamene chingwe chalowera mpaka pamene akutulukira kupita ku masipika, amapeza kuti mabataniwo ndi ochepa chabe, kungoti abwerezedwa pa tchanelo iliyonse, ndiko kuti pa mzere uliwonse wolowera mawu. Zovuta zambiri zimene anthu ankanamizira mikisa zinapezeka kuti gwero lake ndi GAIN, zingwe kapena magetsi.

Choyamba chimene wogula ayenera kudziwa ndi chakuti nambala 12 imene ili m'dzinali siikutanthauza mamaikolofoni 12. Mikisayi imalandira mamaikolofoni 6 okha. Matchanelo 1 mpaka 4 ali ndi bowo limodzi lolandira chingwe cha XLR cha mano atatu kapena jaki yaikulu, matchanelo 5/6 ndi 7/8 ndi a stereo koma alinso ndi bowo la XLR la maikolofoni imodzi, pamene 9/10 ndi 11/12 amalandira jaki ndi zingwe za RCA basi. Kwathu kuno tinagawa motere: maikolofoni ya pa guwa pa tchanelo 1, oimbitsa nyimbo pa 2 ndi 3, besi gitala pa 4, mamaikolofoni awiri a kwaya pa 5/6 ndi 7/8, kiyibodi pa 9/10, ndipo 11/12 tinasiyira foni kapena kompyuta. Lamlungu wamba zimenezi zimakwana bwino, koma tsiku la chikondwerero cha makwaya, pamene gulu lililonse likubwera ndi gitala yake ndi oimba ake, malo amachepa ndipo pamafunika kuzula zingwe pakati pa mwambo. Mpingo umene uli ndi bandi yathunthu ya ng'oma uyenera kuganizira za MG16XU, imene imalandira mamaikolofoni 10.

Nkhani imene yatidyera nthawi kuposa zonse ndi kusiyana kwa GAIN ndi fader. GAIN ndi batani lopotokola limene lili pamwamba pa tchanelo, ndipo ntchito yake ndi kukweza mphamvu yochepa kwambiri imene imachokera mu maikolofoni kuti ifike pa mlingo umene mikisa ingagwire nawo ntchito. Fader ndi kachipangizo kokankhira m'mwamba ndi pansi kamene kali kumunsi, ndipo iko kamangosankha kuchuluka kwa mawu a tchaneloyo amene alowe mu msakanizo wonse. Poti zonse ziwiri zimakweza mawu, wophunzira amaganiza kuti ndi chinthu chimodzi, ndiye amapotokola GAIN mpaka kumapeto n'kutsitsa fader pansi penipeni. Zotsatira zake ndi mawu osasa ndi ong'ambika ngakhale kuti masipika sakukweza kwambiri, chifukwa mawuwo awonongeka kale polowera. Zili ngati kuchigayo: ukathira chimanga chochuluka nthawi imodzi chigayo chimatsamwa, ndipo kusintha thumba lolandirira ufa sikungathandize kanthu. Wina amalakwitsa mbali inayo, GAIN yochepa ndi fader yokankhidwa mpaka pamwamba, ndipo pamenepo chimamveka ndi phokoso lakuti siii pansi pa mawu a mlaliki.

Njira imene takhazikitsa, ndipo yatithandiza kwa miyezi yonseyi, ndi yogwiritsa ntchito batani la PFL. Munthu akalidina, mawu a tchanelo imeneyo amamveka mu mahedifoni ndi kuoneka pa timagetsi toyezera mawu asanadutse pa fader, kotero kuti zonse zikhoza kukonzedwa masipika ali chete. Timapempha woimba kuti aimbe mokweza monga mmene adzaimbire anthu akadzaza, osati kungonena kuti "wani, thuu" monong'ona, kenako timakweza GAIN mpaka timagetsi tiziyendera pafupi ndi 0. Kagetsi kofiira ka PEAK kamayaka mawu akatsala pang'ono kung'ambika, ndipo kuphethira kamodzikamodzi si koopsa, koma kakayaka mosalekeza GAIN iyenera kutsika. Zikatero fader imakhala pafupi ndi chizindikiro cha 0, pamene pali mpata wokweza kapena kutsitsa pang'onopang'ono. Alaliki ena amayamba modekha n'kudzafuula uthenga ukafika pachimake, choncho pa tchanelo ya pa guwa timasiya mpata wokulirapo ndi kupotokola pang'ono batani la COMP, limene lili pa matchanelo 1 mpaka 4, kuti lizipondereza mawu okwera mwadzidzidzi. Batani limeneli ndi labwino, koma likapitirira theka limakokera m'mwamba ngakhale phokoso la m'chipinda ndipo masipika sachedwa kulira.

Pafupi ndi GAIN pali timabatani tiwiri timene anthu ambiri amatinyalanyaza. Ka PAD kamachepetsa mphamvu yolowa ndi 26 dB, ndipo kamafunika pamene chipangizo chotulutsa mawu amphamvu kale, monga kiyibodi, chalowetsedwa pa matchanelo 1 mpaka 4. Ka HPF kamadula mawu onse apansi pa 80 Hz. Ine ndimakadina pa maikolofoni iliyonse ya munthu wolankhula kapena woimba, chifukwa kumunsi kumeneko kulibe kanthu kofunika m'mawu a munthu koma kugunda kwa mapazi pa nsanja, mphepo ndi kukhudza kwa dzanja. Pa besi gitala pokha ndi pamene kayenera kukhala kosadina.

Za EQ, mabatani osinthira mawu apamwamba, apakati ndi apansi, sindinena zambiri, chifukwa pa mikisayi ndi yosavuta: HIGH imagwira pa 10 kHz, MID pa 2.5 kHz, LOW pa 100 Hz, ndipo iliyonse imakweza kapena kutsitsa mpaka 15 dB. Chizolowezi cha ku madansi chokweza LOW ndi HIGH pa tchanelo iliyonse sichigwira m'tchalitchi cha malata ndi makoma a simenti, mmene mawu amabwerera okha. Mwa ife tapeza kuti kutsitsa LOW pang'ono pa maikolofoni ya pa guwa kumapangitsa agogo a kumbuyo kumva mawu aliwonse a ulaliki kuposa kukweza china chilichonse. Chimene ndikanakonda ndi MID yosuntha, yoti munthu asankhe yekha pamene akufuna kudula, koma pa mtengo wa mikisa yotere nkovuta kudandaula.

Gawo limene linasintha kaimbidwe ka kwaya yathu ndi la AUX. Oimba amafuna kudzimva, ndipo akapanda kudzimva amakuwa kapena kupempha kuti masipika aakulu akwezedwe, zimene zimavutitsa anthu okhala kutsogolo. Yankho lake ndi sipika ya monita yoyang'ana kwa iwo, yolumikizidwa ku bowo la AUX SEND 1. Batani la AUX 1 pa tchanelo iliyonse limapanga msakanizo wachiwiri wosiyana ndi umene mpingo ukumva, ndipo pambali pake pali kabatani ka PRE kamene tanthauzo lake liyenera kumveka bwino. Kakadinidwa, mawu opita ku monita amatengedwa asanafike pa fader, moti ngakhale ine nditatsitsa kiyibodi m'masipika aakulu, oimba amaimvabe monga poyamba ndipo sasochera. Kakapanda kudinidwa, kusuntha kulikonse kwa fader kumasinthanso zimene oimba akumva, ndipo nkhope zawo zimayamba kutembenukira kwa amene ali pa mikisa. Batani lachiwiri, la FX, limatumiza mawu ku zokometsera za SPX zimene zili m'kati mwa mikisa, zomwe zilipo 24, ndipo limatenga mawu atadutsa pa fader, monga mmene ziyenera kukhalira. Apa ndi pamene pali malire ena a MG12XU: monita yoima payokha ndi imodzi basi. Woimba kiyibodi akafuna kumva zake zosiyana ndi za kwaya, wina ayenera kugonja.

Pa zokometsera zonse 24 timagwiritsa ntchito ziwiri kapena zitatu, makamaka REV HALL ndi REV PLATE, ndipo mochepa kwambiri. Achinyamata amakonda eko, koma nyumba yathu ili nayo kale yakeyake. Lamulo limene tagwirizana ndi lakuti nyimbo ikangotha, batani la ON la pa FX RTN, pamene zokometserazo zimalowera mu msakanizo, lizimitsidwe, kuti zolengeza ndi pemphero zisamveke ngati zikuchokera m'phanga. Mabatani a 1-2 ndi ST amene ali pambali pa fader nawonso anasokonezapo anthu, pakuti tchanelo imene sinadinidwe ST siimveka m'masipika aakulu ngakhale zina zonse zili bwino, pokhapokha itatumizidwa ku GROUP 1-2 ndipo gululo n'kutumizidwa ku ST. Ife timaika mamaikolofoni onse a oimba pa GROUP kuti atsike kapena kukwera ndi dzanja limodzi.

Kumbali ya zingwe, phunziro lalikulu ndi la kusiyana kwa chingwe cha balanced ndi cha unbalanced. Mu XLR muli mawaya atatu: dzino loyamba ndi la chotchinga, lachiwiri ndi lachitatu amanyamula mawu omwewo koma motembenuzana, ndipo zikafika mu mikisa phokoso limene lalowa panjira limafafanizika. N'chifukwa chake chingwe cha maikolofoni chikhoza kutalika mamita ambiri popanda vuto. Chingwe cha gitala, cha jaki ya mzere umodzi wakuda, chilibe chitetezo chimenechi, ndipo chikatalika kapena kuyenda limodzi ndi waya wa magetsi chimatola kung'ung'udza kwa 50 Hz, amene ndi magetsi athu a kuno ku Malawi. Besi gitala yathu inasiya kung'ung'udza titaika kabokosi ka DI, kosintha unbalanced kukhala balanced, pafupi ndi woimba n'kupitiriza ulendowo ndi XLR. Zingwe zotsika mtengo zimene tinagula mumsika ndi zimene zafa m'miyezi imeneyi, pafupifupi zonse pothothoka waya m'kati mwa mutu wake, ndipo tsopano aliyense waphunzira kuyamba wasintha chingwe asanakayikire tchanelo.

Batani la PHANTOM +48V liyenera kusamalidwa mwapadera, chifukwa ndi limodzi lokha ndipo likayatsidwa limatumiza magetsi ku mabowo onse a XLR olowera mamaikolofoni nthawi imodzi. Mamaikolofoni a condenser amene timapachikira kwaya sagwira ntchito popanda magetsi amenewa, pamene a dynamic monga Shure SM58 sawafuna, komanso sawonongeka nawo malinga chingwe chikhale cha balanced ndi chabwinobwino. Choopsa chili pa alendo a pa ukwati amene amabwera ndi foni ndi kachingwe kochokera ku jaki yaing'ono kupita ku XLR, pakuti magetsiwo akhoza kuwononga foniyo. Foni malo ake ndi pa RCA ya 9/10 kapena 11/12. Polumikiza maikolofoni ya condenser timayamba tatsitsa fader, kulowetsa chingwe, ndiyeno kuyatsa bataniro.

Potulutsa mawu, STEREO OUT ili ndi XLR ndi jaki, ndipo ziyenera kudziwika kuti mikisayi ilibe ampulifaya m'kati mwake, choncho imafuna masipika okhala ndi ampulifaya yawoyawo kapena ampulifaya yapadera pakati. Dongosolo loyatsira ndi lakuti zida zoimbira ndi mikisa ziyambe, ampulifaya ibwere pomaliza, ndipo pozimitsa ampulifaya ikhale yoyamba, apo ayi masipika amalandira kugunda kwamphamvu kumene kumawafupikitsa moyo. Dongosololi limafunika kwambiri magetsi akazima pakati pa mapemphero, pamene aliyense akuthamangira kuliza jenereta. Timazimitsa ampulifaya kaye, kudikira kuti jenereta ikhazikike, n'kuyambanso mwa dongosolo lomwelo. Mikisayi imalandira magetsi kuyambira 100 mpaka 240 V, ndipo magetsi akafooka madzulo sinayambe yatizimirapo, koma tinaikabe chotetezera magetsi pa soketi yake.

Bowo la USB talizolowera kuyambira pamene tinayamba kuulutsa mapemphero pa Facebook kuti abale amene ali ku Johannesburg azitsatira. Limatumiza ku kompyuta msakanizo wa stereo wa matchanelo awiri, osati tchanelo iliyonse payokha, kotero amene akulota zojambula nyimbo n'kudzasakaniza bwino pambuyo pake sadzakhutira nalo. Pa kompyuta ya Windows pamafunika kuika Yamaha Steinberg USB Driver, ndipo mawu obwerera kuchokera ku kompyuta amalowera pa 11/12 kabatani kake kakaikidwa pa USB. Omvera a pa intaneti amamva zokhazo zimene zalowa mu maikolofoni, moti ng'oma ndi kuimba kwa mpingo, zimene m'nyumbamo zimamveka zokha, kwa iwo zimasowa mpaka titaika maikolofoni imodzi yoyang'ana kwa anthu, ndipo imeneyo imadyanso tchanelo pa zochepa zomwe zija.

Thupi lake lachitsulo silinasinthe, mabatani akadali olimba ndipo ma fader akuyenda mosalala, koma zimenezi zatheka chifukwa timaiphimba ndi nsalu ikangomaliza ntchito, makamaka mu Seputembala ndi Okutobala pamene fumbi limalowa paliponse, ndipo nyengo ya mvula timaisunga m'kabati youma. Kwa mpingo, sukulu kapena holo yofuna mamaikolofoni osapitirira 6 ndi monita imodzi, ndingailimbikitse popanda kukayika, ndipo ndalama yotsala ipite ku zingwe zabwino za XLR ndi kabokosi ka DI.